Nkhwayira Imodzi ya Che Laisi

"Wina!" anaitana Elliam, maso ali pachigubu.

Dzanja linatula botolo patebulo. Iye anathiramo mankhwala opaka mpaka pakati, anatseka ndi chitsononkho, n'kulikankhira kwa mwini wake. Nkhope sanaiyang'ane n'komwe.

Lachinayi lililonse pakachipatala kameneka, kamene kanali pakati pa Ulongwe ndi mtsinje wa Shire, pankakhala mizere iwiri. Wina unali wa odwala enieni, a zilonda, a malungo, ana a maso ofiira. Winawo unali wa mabotolo. Munthu wa msana, wa chiuno kapena wa nyamakazi sankadzivutitsa kuyenda mtunda wonsewo. Ankangotuma mkazi wake kapena mbale wake ndi botolo kuti akamutengere mankhwala otentha opaka. Kachitidwe kameneka Elliam anachita kukapeza, ndipo tisaname, kankamukomera. Anthu ankamutchula kuti adokotala, koma anali wothandizira chabe, wophunzira ku Zomba, ndipo anali yekhayekha. Dokotala wachizungu, chiyambireni nkhondo ya Azungu ija, anali ngati waiwala njira. Tsono botolo linali wodwala wabwino zedi. Silibuula, silitchula mfiti, ndipo siliyambira nkhani yake pa chaka cha dzombe.

"Adokotala, wonjezerani pang'ono," anadandaula mayi Sabina, gogo wina amene sankajomba pamzerewu. "Mawondo ndili nawo awiri, inu mwathira a bondo limodzi."

"Mayi Sabina, mawondo anuwo akumwa mankhwala kuposa mudzi wonse. Kapena mukumathira m'ndiwo?"

Mzere wonse unaseka. Gogoyo anatenga botolo lake akung'ung'udza, koma sanachoke. Anakhala pansi pa mtengo wa mango kuti aone za anzake.

Kenaka patebulo panafika botolo lobiriwira, la chingwe cha ukonde m'khosi. Limeneli Elliam analidziwa, linali litabwerapo kale kawiri. Mwini wake ndiye sankamudziwa.

"La ndani?"

"La Che Laisi, amuna anga. Akudoko aja. Ine ndine Mwajuma."

"Msana uja?"

"Womwewo, adokotala."

Anathira, anatseka. Mwajuma anawerama kuti aike botololo mumtanga, ndipo m'nsalu yake munagwa nkhwayira. Inali imodzi, yaikulu, yachimuna.

"Iii, mwana iwe!" anakuwa mayi Sabina. "Wayamba kuba nsapato? Ndiye wangotenga imodzi, inzakeyo ukabwerere mawa?"

Mwajuma anaseka, akuitola. "Ndi ya bambo akunyumba. Dzulo masana achoka kumzikiti, afika pakhomo avala imodzi. Ndawafunsa kuti inayo ili kuti, ayang'ana pansi, iwonso akudabwa. Ati sanamve kuti yavuka. Ndaipeza lero panjira, kuseri kwa mzikiti komwe."

"Njala imeneyo," anatero wina pamzere. "Kusalaku kwawazunguza mutu."

Anasekanso onse. Elliam yekha ndiye sanaseke. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene mchenga wa kumtsinje umatentha moti masana ngakhale galu amadumphadumpha pofuna mthunzi. Munthu wayenda pamchenga umenewo phazi lili pansi, kuchokera kumzikiti mpaka kunyumba, osamva kanthu. Chigubu chija anachitula pansi pang'onopang'ono.

"Amayi, tabwerani kuno kumbali."

Mwajuma anamutsatira pakhonde, akudabwa kuti walakwanji.

"Ululuwo umaleka akagona?"

"Iyayi, akagona ndiye umakula. Amangobuula mpaka tambala. Koma ndi mphasa yathu, yatha, ikuwakanda."

"Nanga thupi?"

"Aonda ndithu. Nanga si tili m'mwezi wa Ramadani? Kwathu aliyense waonda."

"Anayamba kuonda kusala kutayamba, kapena kusanayambe?"

Mwajuma anayang'ana kumwamba, akuganiza. "Lamba anamuboola chibowo china nthawi yokolola. Koma nthawi imeneyo nsomba zinkavuta, tinkangodya therere."

"Thukuta?"

"Chofunda ndimachita kufinya m'mawa. Koma kutenthaku, adokotala, inu simutuluka thukuta?"

"Anapitako kumigodi?"

"Ku Wanki, kokumba malasha. Anabwerako ndi chifuwa, koma chinatha kalekale."

Funso lililonse linali ndi yankho lake, ndipo yankho lililonse linali lomveka bwino. Chimenecho ndicho chinamuopsa Elliam. Ku Zomba anawaphunzitsa kuti misana yowawa yambiri ndi ya khasu ndi nkhafi basi, imachira yokha. Koma mwa yambiriyo umakhalapo umodzi umene uli ndi matenda ena obisala kumbuyo kwake, ndipo umenewo umaupeza pomufunsa munthu ndi pomugwira. Iye anali atadzaza botolo la munthu ameneyu katatu, osamuonapo ngakhale chala.

"Tsogolani," anatero. "Ndikamaliza odwalawa ndikupezani."

"Mubwere kwathu? Chifukwa cha msana?" Kuseka kunamuthera Mwajuma. "Kodi kwagwanji, adokotala?"

"Ndikufuna ndingowaona."

Anafika kumudziko dzuwa litapendeka, malaya atamatirira kumsana, njinga akuchita kukankha mumchenga. Nyumba ya Che Laisi sinali yosowa. Mudzi wonse zitseko zinali za bango, koma iyi inali ndi chitseko cha matabwa a mlombwa, cha mahinjesi achitsulo, chimene eni ake anakhometsa atangobwera ku Wanki. Pakhonde panakhala amuna awiri. Wina anali wamtali, wa mapewa otambalala koma masaya olowa, ndipo ankasoka ukonde atatsamira khoma. Winayo anali wachikulire, wa ndevu zoyera ndi kofia kumutu.

"Takulandirani, adokotala!" anatero wamtaliyo ndi mawu ansangala. "Ine ndiye Laisi, mwini msana. Awa ndi mjomba wanga, mlongo wa amayi anga, Che Mohamedi, abwera kuchokera kutsidya kudzandiona. Akazi anga akuti mwayenda mtunda wonsewu chifukwa cha nkhwayira. Kapena nenani zoona, mwamva kuti kuno chambo n'chotchipa?"

"Chambo ndidzatenga tsiku lina. Lero taimirirani, muyende mpaka pamtengo apo."

Che Laisi anaseka, koma kuimirira kwake kunali kwa ntchito. Anagwira mawondo ndi manja onse awiri, n'kumadzikweza pang'onopang'ono, manjawo akukwera m'ntchafu. Ataima, anayenda mowuma ngati mkazi wosenza mtsuko wodzaza. Elliam sanayang'ane nkhope yawo, anayang'ana pansi. Phazi lamanja linkasiya mzere pafumbi.

Atabwerera, Elliam anatenga kamtengo kosokera ukonde kaja n'kukagwetsa dala. "Tanditolerani ako."

Munthu wamsana wa nkhafi amawerama, n'kutukwana, n'kutola. Che Laisi sanawerame. Anapinda mawondo, msana uli chilili, dzanja limodzi litagwira ntchafu, n'kumapapasa pansi ndi linalo osayang'anako.

"Tilowe m'nyumba," anatero Elliam. "Awiriwiri."

M'nyumbamo munali fungo limene Elliam ankalidziwa kuposa la kunyumba kwake, fungo lolasa mphuno la mankhwala ake omwe. Che Laisi anavula malaya. Msana wonse unali mphini zokhazokha, zakale ndi zatsopano, zakuda ndi mankhwala a asing'anga, ndipo pamwamba pake pankanyezimira mafuta a m'botolo lija. Elliam anayendetsa chala kuchokera pakhosi kutsika, fupa ndi fupa. Chitapitirira pakati pa mapewa, chalacho chinakhumudwa. Panali kafupa kotuluka, kosongoka, ngati mfundo ya nsungwi. Anagogodapo pang'ono chabe.

Che Laisi anakoka mpweya m'mano, manja n'kugwira khoma. Nthabwala zija zinathera pomwepo.

"Kameneka kanatuluka liti?"

"Ine kumbuyo ndilibe maso, adokotala."

Anawagoneka chagada pamphasa. Anatenga munga umene anathyola panjira, n'kubaya pang'ono kuphazi lamanzere. Phazilo linathawa. Anabaya lamanja.

"Mwamva?"

"Ngati mwandikhudza ndi chala. Patali."

Anakweza munga uja m'mwendo, pabondo, pantchafu, ndipo konseko yankho linali lomwelo. Atagogoda pansi pa bondo ndi m'mbali mwa dzanja, mwendowo unadumpha mopitirira muyeso, ngati si wa munthu amene wagona pomwepo. Elliam anakhala pansi. Linatsala funso limodzi, ndipo analifunsa motsitsa mawu.

"Nanga kutaya madzi?"

Che Laisi anayang'ana kudenga.

"Izi musakawauze akazi anga," anatero. "Ndimaima kuseri mpaka miyendo kutopa, osatuluka kanthu. Kenaka amadzatuluka okha, nthawi imene sindikufuna. Dzulo zandichitikira ndili pakati pa swala, tikupemphera mumzikiti. Munthu sungaime pamaso pa Mulungu ndi chovala chotero. Ndinatuluka mothawa, ndiye nkhwayira ija."

Elliam anawamvera chisoni. Anaitana Che Mohamedi ndi Mwajuma kuti alowe, popeza nkhani yotsalayo sinali ya munthu mmodzi.

"Che Laisi, mgodi uja sunakupatseni chitseko chokha ayi. Chifuwa chija sichinathe, chinangosamuka. Chalowa m'fupa la msana, chikulidya m'kati monga chiswe chimadyera mzati wa nyumba. Kunja mzati uli chiimire, koma m'kati mwatsala dothi. Tsono m'mafupa amenewa mumadutsa mtsempha waukulu umene umayendetsa miyendo. Fupalo layamba kuupsinja, n'chifukwa chake phazi silikumva. Likangoti lifafanizike, miyendo yonse iwiri yapita."

Kunja kunkamveka ana akusewera kudoko.

"Ndiye mankhwala ake?" anafunsa Mwajuma.

"Palibe wakumwa, palibe wopaka. Mankhwala ake ndi kugona. Apite ku Zomba, kuchipatala chachikulu, akawaike m'chikhakha kuti msana usagwedezeke mpaka fupalo litauma. Kuyambira pano asanyamule kanthu, asakwere bwato, asawerame. Ngakhale kuyenda kumene asiye."

"Kugona mpaka liti?" anafunsa Che Laisi.

"Miyezi yambiri. Mwina chaka."

"Chaka! Ana angawa azidya chikhakhacho?" Anayesa kuseka, koma sizinatheke. "Chabwino, ndamva. Tidye kaye Idi, ndikokeko ukonde kangapo kuti ndisiye kanthu pakhomo, kenaka tidzaone za Zomba."

"Fupalo silikudziwa za Idi, Che Laisi."

Apa Che Mohamedi anakonza kukhosi. Anali munthu waulemu, wolankhula mofatsa, ndipo zinkaonekeratu kuti mphwawoyo amamukonda.

"Adokotala, tathokoza kuti mwatiyendera. Koma ife sitinakhale manja lende. Ndayankhula kale ndi a Dalesi, mayi wa mapasa wa kumtunda uko. Nkhuku ndapereka. Mawa m'mamawa abwera kudzamuponda."

"Kudzamuponda pati?"

"Pamsana, nanga pati? Munthu amagona chafufumimba, mayi wobereka mapasa n'kumuyenda pamsana ndi mapazi, kutsika ndi kukwera. Mafupa amene anasemphana amabwerera m'malo. Ine ndinapondedwa ndili mnyamata, nditagwa mumtengo wa mgwalangwa. Taonani lero, ndawoloka Shire ndi miyendo yanga."

Elliam anatembenukira kwa Che Mohamedi.

"Bambo, ndikupemphani. Msana wanu unali wamoyo, unangobinya. Uwu ndi wofumbwa. Munthu akaima pamenepa, ngakhale mwana, uthyoka. Musalole."

"Mwatero?" Che Mohamedi anasisita ndevu. Kenaka analoza pakona, pamene Mwajuma anaika mtanga wake. "Nanga botolo ilo latuluka kuti? Mwezi wathunthu mwakhala mukutipatsa mafuta. Ife timati, akanakhala matenda oopsa, a boma sakanatipatsa zopaka, akanatiitana. Lero lomwe lino mwadzaza ndi dzanja lanu. M'mawa anali matenda a mafuta, madzulo asanduka a chaka chathunthu ku Zomba. Tigwire ziti, adokotala?"

Mkuluyo sankanyoza, ankafunsa moona. Manyazi anamugwira Elliam kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Ndinalakwa ine," anatero. "Ndinayenera kuwaona tsiku loyamba. Koma kulakwa kwanga kusawonongetse miyendo ya munthu. Mawa Lachisanu lole ya Mmwenye wa pa Ulongwe imapita ku Zomba. Ndipita ndikapemphe kuti ikhotere kuno. Inu ingondilonjezani kuti a Dalesi sawakhudza."

"Pitani mukafune galimotoyo," anatero Che Mohamedi. "Ife tikhala pansi, tikambirana."

Limenelo silinali lonjezo, ndipo Elliam anadziwa. Anaganiza zogona pomwepo pakhonde ngati mlonda, koma akatero loleyo akanakaipempha ndani? Mafuta a galimoto anali osowa chifukwa cha nkhondo, ndipo ikapita ya mawayo, ina inali ya sabata inayo.

Mwajuma anamuperekeza mpaka kumapeto kwa mudzi. Atafika pamene anthu sakanawamva, Elliam anaimitsa njinga.

"Amayi, mwamva zonse. Musalole munthu aliyense kuwakwera pamsana."

"Adokotala, inu ndinu wakonkuno, mukudziwa." Mwajuma ankapotokola nsonga ya nsalu yake. "Mudzi uno ndi wakwathu, nyumba ndi yanga, ana ndi anga. Koma thupi lawo eni ake ndi akwawo. Ndikakaniza ine, mawa zinthu n'kuipa, adzati mkazi ndiye wapha m'bale wathu. Ndikaima pati?"

"Yesetsani kuwachedwetsa. Ndifika m'mawa."

"Ndiyesa," anatero, koma maso ake anali pansi.

Pa Ulongwe, dalaivala wa loleyo, Yoram, anayamba wakana. Anati msewu wa kudoko ndi mchenga wokhawokha, ndipo akachedwa pantoni yowolotsa magalimoto pa Liwonde imusiya. Elliam anamukumbutsa za mwana wake amene anamusoka chilonda chaka chatha, ndipo Yoram anavomera monyinyirika kuti akafika pamene msewu wolimba wathera, osapitirira. Koma m'mawa mwake kunyamuka kwake kunali kwa lole, kochedwa. Anayamba akweza matumba, kenaka injini inakana, mpaka anthu anachita kukankha. Pamene Elliam ankatsika n'kuyamba kuthamanga mumchenga kulowera kumudzi, dzuwa linali litakwera kale.

Chimene chinamulandira choyamba ndi kuseka. Pakhomo pa Che Laisi panali anthu, amayi atakhala pamphasa, amuna ataimirira m'magulu, onse nkhope zowala. Pakhonde panakhala mayi wina wonenepa, wamsinkhu, atatambasula miyendo. Mapazi ake ankanyezimira ndi mafuta, ndipo pambali pake panali botolo lobiriwira lija, lopanda kanthu. Fungo linamupeza Elliam asanafike n'komwe pakhonde.

Anadziwa kuti wachedwa.

"Adokotala!" Che Mohamedi anabwera manja ali m'mwamba, akumwetulira. "Mwavutika chabe, pepani. Ntchito yatha. A Dalesi anati mafuta anu aja ndi abwino, anapaka kumapazi kuti mankhwala a boma ndi athu agwirire limodzi. Atangofika pakati pa msana, tinamva tonse kuti thoo! Mwanayu anakuwa kamodzi kokha, basi. Ululu wonse wa m'miyendo unathera pomwepo."

"Aimirira?"

"Iyayi, mwambo wake sautero. Wopondedwa amagona mpaka dzuwa litalowa. Adzuka nthawi yomasula kusala."

Elliam analowa m'nyumba osaodira. Che Laisi anali chigonere chagada, atafunda nsalu kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi. Nkhope inali yotuwa, thukuta lili kamukamu, koma ankamwetulira. Mwajuma anakhala kumapazi kwawo. Iye yekha m'mudzi monsemo ndiye sankaseka, ndipo ataona Elliam anangopukusa mutu pang'ono.

"Ndinayesa," ananong'ona. "Ndinati tidikire, anandituma kumadzi."

"Adokotala, mwabwera ndi lole yanu?" anatero Che Laisi. "Ibwezeni. Pamsana pokha ndiye pakuwawabe, koma kumunsi konseku kwapepuka. Moto uja unkatsika m'miyendomu wazima. Miyezi yonseyi sindinamvepo bwino chonchi."

Elliam anagwada n'kukweza nsalu kumapazi. Anatulutsa munga. Anabaya phazi lamanja. Anabaya lamanzere, lija linathawa dzulo. Anabayanso mwamphamvu, mpaka panatuluka kadontho ka magazi.

"Idi ikangopita ndikamata bwato," Che Laisi ankapitiriza, maso ali kudenga. "Likulowa madzi chakutsogolo. Chambo chanu chija ndidzabwera nacho ndekha kuchipatala, musadzatume munthu."

Mwajuma ankayang'ana kadontho kaja. Anatambasula dzanja, anagwira chala chachikulu cha mwamuna wake, n'kuchitsina ndi zikhadabo mwamphamvu. Che Laisi ankanenabe za bwato.

"Che Laisi," anatero Elliam. "Tagwedezani zala za kumapazi."

"Ndagwedeza."

"Gwedezaninso."

"Ndikugwedeza, simukuona?"

Pakhomo panali patadzaza anthu, Che Mohamedi ali patsogolo. Palibe anayankha. Chete ameneyo ndiye anawauza Che Laisi. Anadzutsa mutu, anayang'ana mapazi awo, ndipo anaoneka akulimbana nawo, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Mapaziwo anangoti phee, ngati a munthu wina.

"Mjomba," anaitana ndi mawu aang'ono, ngati a mwana. "Mjomba, miyendo yanga."

Che Mohamedi anagwira pakamwa. Anatsamira khoma, n'kutsetsereka mpaka kukhala pansi. Kunja kuseka kunazima, gulu ndi gulu, mmene mawu ankafikira. Mayi wina anayamba kulira.

Mwajuma sanalire. Anatembenukira kwa Elliam. "Ibwerera?"

Elliam anafuna kunama, koma anaona kuti wanamiza kale banja limeneli katatu ndi botolo.

"Sindikudziwa, amayi. Ena imabwerera pang'onopang'ono, ngati mtsempha wangopsinjika osaduka, ndipo ngati agona osagwedezeka. Ena sibwerera. Koma akatsala pano, ngakhale madzi sadzatha kutaya, ndipo zimenezo zimapha msanga. Ayenera kupita lero."

Kutali lole inaliza hutala.

"Tiwanyamule pamachira," anatero mwamuna wina pakhomo. "Nsalu ndi mtengo zilipo."

"Iyayi! M'nsalu msana upindika, ndiye kwatha. Pakufunika chinthu chowongoka, cholimba, choti agonepo thupi lonse."

Anthu anayang'anana. M'mudzi wa asodzi munalibe bedi la matabwa, munalibe tebulo. Zinalipo ndi mphasa, bango ndi maukonde.

"Tidikire kaye," anatero Che Mohamedi ali pansi pomwepo. "Titumize uthenga kutsidya, amayi ake amve, abale abwere. Munthu sangapite ku Zomba eni ake osakhala pansi."

Mwajuma anaimirira. Sanawayang'ane n'komwe. Anapita pakona, anatenga nkhwangwa, anthu n'kupatuka. Analowetsa nsonga ya nkhwangwayo kuseri kwa hinjesi ya pamwamba n'kukanula. Mtengo unalira. Anakanulanso, misomali inazuka, dothi la khoma likugwera pamutu pake.

"Mwajuma, chitseko changa!" anatero Che Laisi.

"Mudzachikhoma nokha mukadzabwera," anayankha, akukanula ya pansi.

Amuna awiri anathamangira kudzachigwira chisanagwe. Anachigoneka pambali pa mphasa. Elliam anaika anthu m'malo, wina kumutu, ena m'mapewa ndi m'chiuno, wina kumiyendo, n'kuwauza kuti anyamule onse nthawi imodzi, thupi lisapindike pena paliponse. Che Mohamedi anadzuka, anapukuta m'maso, n'kukagwira kumutu kwa mphwawo popanda womuuza. Anawasamutsira pachitsekopo, ndipo Elliam anawamanga ndi zingwe za ukonde pachifuwa, m'chiuno ndi m'mawondo. Chitsekocho chinawakwana ndendende.

Atatuluka nawo panja, pakhonde panalibe munthu. A Dalesi anali atachoka mwakachetechete, ndipo pafumbi panatsala zidindo za mapazi amafuta zolowera kumtunda. Botolo lija linali pomwepo. Elliam analitola n'kuliika m'thumba la malaya. Analimva likumugunda m'nthiti pamene ankayenda.

Hutala inaliranso, motalika.

"Tiyeni," anatero Elliam. "Pang'onopang'ono, osathamanga."

"Taimani kaye."

Anali Mwajuma. Anali atasiya ana kwa mchemwali wake, kamtolo ka zovala kali pamutu. Analowanso m'nyumba ija, imene tsopano inali pululu, aliyense akuona mpaka kuchipinda. Anatuluka ndi nkhwayira ziwiri. Anazimanga pamodzi ndi kachingwe, n'kuziika pachitseko, pambali pa mapazi a mwamuna wake.

"Zimenezo zisiye, mwanawe," anatero mayi wina wachikulire mofatsa. "Kumeneko akukagona. Nsapato akazitani?"

"Nanga pobwera adzavala chiyani?"

Amuna aja anakweza chitseko pamapewa, n'kuyamba kuyenda mumchenga umene unali utayamba kale kutentha.